Kuchokera ku Chisenga Kufika pa Thebulo la Opareshoni

 Lero tikambirana za matenda a ana amene mankhwala akumwa ndi jekeseni sizingawathe pazokha, koma amafuna dzanja la dokotala wa opareshoni, makamaka matenda a m'chifuŵa ndi a m'mimba. Nkhaniyi ndiiyambira kutali, kumpoto kwenikweni kwa dziko lathu, pa Chisenga m'boma la Chitipa, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, kumalire ndi Zambia. Ndasankha Chisenga mwadala. Chimene chingapulumutse mwana wobadwira kumeneko chingapulumutsenso mwana wa ku Makanjira, wa ku Marka kapena wa pa chilumba cha Likoma, pakuti onseŵa vuto lawo ndi limodzi: dokotala alipo, koma ali kutali.

Tiyeni tiuyende kaye mtundawo. Mayi wochokera ku Chisenga amayamba wafika pa Chitipa, pamene pali chipatala chachikulu cha bomalo. Akatumizidwa patsogolo, amatsika makilomita pafupifupi 100 kufika ku Karonga. Kuchoka apo amatsata nyanja, n'kukwera chitunda cha Chiweta, n'kufika ku Mzuzu patatha makilomita ena opitirira 200. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinatsegulidwa mu 2000, ndipo ndicho chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma a chigawo cha kumpoto. Koma pali matenda ena a makanda amene amafuna kuti ulendo upitirire kufika ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kapenanso ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuchokera ku Chisenga kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,000. Munthu wamkulu wathanzi amafika atatopa, msana ukuŵaŵa. Nanga khanda la tsiku limodzi, la makilogalamu aŵiri ndi theka, losayamwa?

N'chifukwa chake ine ndimati mpeni wa dokotala umabwera pomaliza. Opareshoni ya khanda imayambira pamene mayi wachirira, m'maso mwa mzamba, mwa mayi mwini ndi mwa agogo amene alandira mwanayo. Mu 2021 magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet inafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'zipatala 264 za m'maiko 74, wokhudza ana obadwa ndi zilema za m'njira ya chakudya. M'maiko olemera, mwa ana 100 otere amene anamwalira anali pafupifupi 6. M'maiko osauka anali pafupifupi 40. Wina angaganize kuti kusiyanaku kuli pa luso la madokotala. Ayi ndithu, kusoka thumbo n'kumodzi ku London ndi ku Blantyre. Kusiyana kwagona pa zipangizo zosamalira mwana opareshoni itatha, ndiponso pa mmene mwanayo wafikira: wafika tsiku loyamba kapena lachisanu, wofunda kapena wozizira, wamadzi m'thupi kapena wouma ngati tsamba la fodya. Za zipangizo tisiyire boma. Zinazi zili m'manja mwathu.

Tsono chizindikiro chimene ndikupempha kuti musachiiŵale, ngakhale mutaiŵala zonse zimene ndinene lero, ndicho masanzi obiriŵira. Khanda lililonse limabweza kamkaka likakhuta, ndipo amenewo si matenda. Koma likasanza zobiriŵira ngati msuzi wa nkhwani, musadikire kuti kuche. Kubiriŵirako ndi ndulu. Ndulu imathiridwa m'matumbo kunsi pang'ono kwa chifu, ndipo ulendo wake ndi wotsika basi. Ikabwerera mpaka kukamwa, n'chizindikiro chakuti kutsogolo kwatsekeka. Mwina thumbo linaumbika lodukiza mwana akali m'mimba. Mwina, ndipo ichi ndicho choopsa koposa, matumbo apotana pa tsinde lake monga mmene mayi amapotera chitenje pochifinya kumadzi. Pa tsinde pomwepo ndi pamene pamadutsa mitsempha yodyetsa matumbo, ndipo matumbo osalandira magazi amayamba kufa m'maola oŵerengeka. Mwana akafika mmaŵa, dokotala amangopotolola matumbowo, n'kuwaika bwino, n'kutseka. Yemweyo akafika mkuja, dokotala amapeza matumbo atada, ndipo palibe sitolo yogulako ena.

Chizindikiro china chimaoneka msanga kuposa apo, khanda lisanayamwe n'komwe. Pakamwa ndi pamphuno pamatuluka thovu. Mukapukuta, thovu labweranso. Mukaliika kubere limatsamwa, kutsokomola, milomo n'kuda. Apa n'kutheka kuti njira ya chakudya yochokera kummero sinalumikizane ndi chifu. Inathera panjira ngati kathumba, ndipo kaŵirikaŵiri mbali yake ya kunsi inakalumikizana ndi njira ya mpweya. Mkaka ulibe kopita. Umadzaza kathumbako n'kusefukira m'mapapo. Mwa ana 3,000 kapena 4,000 obadwa, mmodzi amabadwa chotere, ndipo amayi ambiri a ana otere amakhala kuti anali ndi mimba yaikulu modabwitsa chifukwa cha kuchuluka kwa madzi. Kuyesa kwake n'kwapafupi ngakhale pa chipatala chaching'ono: namwino amaloŵetsa kachubu, ndipo m'malo mofika m'chifu kamaima patangotha masentimita 10 kapena kupitirira pang'ono. Kale ana otere pafupifupi onse ankamwalira, ngakhale ku Ulaya. Mu 1941 Cameron Haight, dokotala wa ku Michigan m'dziko la America, anatsegula chifuŵa cha khanda, nalekanitsa njira ziŵirizo, nalumikiza nsonga za njira ya chakudya, mwana n'kukhala moyo. Mpaka lero opareshoniyi imadzera pakati pa nthiti, kaŵirikaŵiri kudzanja lamanja, ndipo zimene dokotala amasoka n'zosaposa pensulo kukula kwake.

Mdani wamkulu wa khanda lotere ndi chifundo. Agogo akaona kuti mwana akukana bere amati ali ndi njala, n'kutenga supuni ya madzi a shuga kapena mankhwala a mizu. Dontho lililonse limapita m'mapapo. Ana ambiri a nthendayi chimawapha si njala, koma chibayo chobwera chifukwa cha kumwetsedwa. Khanda la thovu lisalaŵe kanthu kufikira namwino ataliyesa.

Pali chinanso chimene maso amachilumpha chifukwa cha manyazi. Timaŵerenga zala za khanda, timayang'ana ngati ndi mwamuna kapena mkazi, timakangana za amene lafanana naye, koma sititembenuza mwana kuti tione ngati njira ya chimbudzi ilipo. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 5,000 amabadwa njirayo ili yotseka kapena ili pamalo olakwika. Wamwamuna amazindikirika msanga chifukwa mimba imatupa, ndipo nthaŵi zina chimbudzi chimatulukira pamodzi ndi mkodzo. Wamkazi ndiye amapusitsa, pakuti chimbudzi chimatha kudontha kudzera pa kabowo kena ka kutsogolo, theŵera n'kumada monga mwa masiku onse, ndipo miyezi imapita makolo osadziŵa kanthu. Theŵera lakuda si umboni. Tembenuzani mwana, yang'anani ndi maso anu, pa tsiku loyamba.

Ndipo ngakhale njirayo ilipo, ŵerengani maola. Chimbudzi choyamba, chakuda chomata chija, chimatuluka tsiku loyamba kwa ana ambiri. Masiku aŵiri akatha chisanatuluke, mimba n'kumatupa, mwana apite kuchipatala. Pali nthenda imene mbali yotsiriza ya thumbo lalikulu imakhala yopanda timitsempha touza thumbolo kuti likankhe. Limangokhala lofinyika ngati chitseko chokana kutseguka. Anaifotokoza ndi Harald Hirschsprung, dokotala wa ku Copenhagen, mu 1886, koma panapita zaka zoposa 60 kuti Orvar Swenson wa ku Boston asonyeze, mu 1948, kuti mankhwala ake ndi kudula mbali yopanda ntchitoyo n'kutsitsa thumbo labwino. Ana ena amakula nayo nthendayi mpaka zaka zisanu, mimba ili ngati ng'oma, miyendo yoonda, akumwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba chaka ndi chaka.

Tsopano ndifike pa chilema chimene chimathaŵitsa anthu m'nyumba: khanda kubadwa matumbo ali kunja, atatulukira pa kabowo ka pambali pa mchombo, kaŵirikaŵiri kudzanja lamanja. Zimenezi zimachitika makamaka kwa amayi aang'ono msinkhu. Chodabwitsa n'chakuti ana otere nthaŵi zambiri amakhala alibe chilema china. Mtima, mutu ndi mapapo zili bwino. M'kafukufuku ndanena uja, m'maiko olemera ana otere omwalira sanakwane 2 mwa 100, pamene m'maiko osauka anamwalira 9 mwa 10. Chimawapha n'chiyani? Matumbo ali pamtunda amataya madzi ndi kutentha kwa thupi mofulumira zedi, monga mphika wosavundikira, ndipo tizilombo timaloŵa popanda chotchinga. Ku Chisenga, kumene mu Juni ndi Julaye mphepo ya m'mapiri imaluma ngakhale akuluakulu ofunda bulangete, khanda lotere lingathe kuzizira mpaka kufa lisanafike n'komwe pa Chitipa.

Chochita ndi ichi. Osakankhira matumbo mkati, osawatsuka, osawapaka kanthu. Thonje limamatirira, ndipo nsalu yonyoŵa imaziziritsa mwana. Chofunika ndi pulasitiki yoyera yosagwirapo ntchito, ngakhale jumbo yatsopano: loŵetsani miyendo ndi mimba mpaka m'khwapa, kenaka chipeŵa kumutu ndi zofunda pamwamba, mwana atagona chammbali kudzanja lamanja kuti matumbo asapindike. Kuchipatala chachikulu amaika matumbowo m'kathumba kapadera, n'kumawabweza m'mimba pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, kenaka n'kutseka bowolo. Matumbo otere amachedwa kudzuka. Pangapite milungu ingapo mwana asanayambe kulandira mkaka wokwanira. Mayi azifinya maŵere kangapo pa tsiku masiku onsewo kuti mkaka usaume, pakuti matumbowo akadzuka palibe chakudya chimene amachilandira bwino kuposa mkaka wa mayi.

Ndiye tibwerere ku ulendo uja. Kwa makanda onse ndatchulaŵa malamulo a panjira ndi ofanana, ndipo anamwino athu a m'zipatala zazing'ono amawadziŵa. Ndikuwanena pano kuti achibale asawatsutse. Mwana asapatsidwe kanthu pakamwa. Wosanza zobiriŵira aikidwe kachubu kodzera m'mphuno kotulutsa za m'chifu, kuti asazikokere m'mapapo galimoto ikamagwedezeka. Wa thovu uja namwino azim'popa malovu njira yonse, mutu uli wokwezeka. Aikidwe diripi, pakuti amene sakuyamwa ayenera kumwera m'mitsempha. Akhale wofunda, ndipo pamene kuli kotheka chofunditsa choposa zonse ndi chifuŵa cha mayi wake, khungu kukhudza khungu, monga mwa njira ya kangaru. Kalata yotumizira ndi kabuku ka mayi ka kusikelo zipite limodzi. Ndimamva chisoni ndikaganiza za ola limene limatayika pa khonde la chipatala, ambulansi italira kale, anthu akudikira kuti amalume kapena agogo aamuna afike kudzavomereza. Ulemu kwa akuluakulu ndi wabwino, koma masiku ano lamya ya m'manja ilipo. Auzidwe mwana ali kale panjira.

Ndinenepo pang'ono za mlandu umene umagwa pakhomo mwana wotere akabadwa. Ena amati ndi malodza, ena amati bambo anayenda njira zosayenera mayi ali woyembekezera, ena amaloza chala apongozi. Ziŵalo zonsezi zimaumbika m'milungu yoyambirira ya mimba, nthaŵi imene mayi mwina sanadziŵe n'komwe kuti waima, ndipo zilema zomwezi zimabadwa ku Japan, ku America ndi ku Chitipa. Ngati pali zokamba, mukambe mwana atafika kuchipatala.

Tichoke kwa makanda ongobadwa, tipite kwa mwana wa miyezi isanu kapena isanu ndi itatu, wonenepa bwino, amene dzulo ankaseka. Mwadzidzidzi akukuwa, akupinda maondo kufika pamimba, nkhope yatuŵa. Patapita mphindi zingapo wakhala chete, mwina wagona. Patapitanso kanthaŵi wayambiranso. Akusanza. Kenaka m'theŵera mukuoneka magazi osakanikirana ndi zonanda. Apa ndi pamene ambiri amasokera, pakuti amati ndi kamwazi, ndipo mwana amapatsidwa mankhwala a kamwazi n'kubwerera kunyumba. Koma mwana wa kamwazi amatsegula m'mimba kambirimbiri, pamene uyu chimbudzi chenicheni chimachepa, ndipo ululu wake umabwera ndi kupita ngati zoŵaŵa za pobereka. Chachitika n'chakuti mbali ina ya thumbo yaloŵa mkati mwa inzake, monga mmene mkono wa malaya umaloŵera mkati povula. Zikadziŵika tsiku loyamba, kumene kuli zipangizo madokotala amatha kulibweza thumbolo popopera mpweya kapena madzi kudzera kunsi, osang'amba n'komwe. Masiku atatu akapita, kaŵirikaŵiri mbali yoloŵayo imakhala itafa, ndipo imadulidwa. Mayi, mukaona kulira kodukizadukiza kotereku, kakufotokozeni momwemo kwa dokotala, ndipo mwana akapanda kusintha bwererani tsiku lomwelo. Musaope kuti akuonani ngati wovuta.

Ziŵiri izi ndingozidutsa. Mwana wa milungu itatu kufika isanu ndi umodzi, makamaka wamwamuna, amene akayamwa amasanza mkaka wokhawokha mwamphamvu mpaka kugwera patali, n'kufunanso bere pomwepo, angakhale ndi mnofu wokhuthala wotseka potulukira pa chifu. Opareshoni yake, imene Conrad Ramstedt wa ku Germany anaifalitsa mu 1912, ndi yaifupi, ndipo mwana amachiriratu. Koma madokotala amayamba am'bwezera madzi ndi mchere m'thupi, choncho musadandaule mukaona tsiku likupita asanamtengere ku fiyeta. China ndi phudzi. Chotupa cha m'mphechepeche, chotuluka mwana akalira n'kubwerera akagona, sichitha chokha, ndipo chifunika kusokedwa chisanakole thumbo. Chikauma, chikakana kubwerera, mwana n'kumasanza, imeneyo ndi ngozi ya usiku womwewo. Koma mchombo wotuluka, umene amayi ambiri amada nawo nkhaŵa, nthaŵi zambiri umatsekeka wokha mwana akamafika zaka zinayi kapena zisanu. Kumangapo ndalama yachitsulo sikufulumizitsa kanthu; kumangoyambitsa zilonda pakhungu.

Tikwere tsopano m'chifuŵa. Chibayo tonse tikuchidziŵa, ndipo ana ambiri amachira ndi mankhwala. Koma mwa ena mafinya amasonkhana pakati pa phapo ndi nthiti, n'kumalikanikiza phapolo mpaka kulephera kufufuma. Mwana wotere amamwa mankhwala masiku angapo koma thupi silizizira, akupuma mofulumira, akukonda kugonera mbali imodzi, akukana chakudya. Mankhwala amavutika kufika pakati pa dziŵe la mafinya. Mafinyawo ayenera kutuluka, monga mmene zilili ndi chithupsa. Dokotala amaboola kabowo pakati pa nthiti, n'kuloŵetsa chubu chimene chimatsikira m'botolo la madzi pansi pa bedi. Imeneyi ndi ntchito imene imatheka m'zipatala za m'maboma, popanda ulendo wa ku Blantyre. Inu odikirira odwala, botolo limenelo musalinyamule kuliika pabedi posesa, ndipo musataye madzi ake. Likakwera kuposa chifuŵa, zoipa zimabwerera kumene zachokera, ndipo madziwo ndiwo amatchinga mpweya kuti usaloŵe. Mafinya akachedwa kutulutsidwa amaumirira n'kupanga chikhungwa chokuta phapo, ndipo pamenepo pamafunika kutsegula chifuŵa ndi kulisenda phapolo. Kuyambira mu Novembala 2011 ana a m'Malaŵi amalandira kusikelo katemera woteteza ku tizilombo tina toyambitsa chibayo choopsa. Onani m'kabuku ngati mwana wanu anamaliza.

Ngozi ina ya m'chifuŵa timaikolola tokha kumunda. M'nyengo yoswa mtedza, yotong'ola chimanga ndi yomenya nyemba, ana okwaŵa amakhala pamphasa pomwepo, ndipo chilichonse chimapita kukamwa. Mwana wosakwana zaka zitatu alibe mano okwanira operera njere, ndipo akaseka kapena akadzidzimuka njere ili m'kamwa, imaloŵera njira ya mpweya. Amatsokomola koopsa, maso kufiira, milomo kuda, kenaka bata. Bata limeneli ndilo msampha. Njereyo sinatuluke, yangotsika n'kukakhazikika m'nthambi ina ya njira ya mpweya, kaŵirikaŵiri ya kumanja. Patapita masiku m'chifuŵa mumayamba kulira ngati mluzu, kenaka chibayo, chimene chimachira n'kubweranso mbali yomweyo. Mtedza ndiwo woipitsitsa, chifukwa mafuta ake amatupitsa njirayo, ndiponso suoneka pa chithunzi cha ekisire monga mmene ndalama kapena msomali zimaonekera. Chotero umboni waukulu ndi mawu a munthu amene anaona. Ngati mwana anatsamwapo, nenani, ngakhale papita mwezi, ngakhale amene anaona ndi mlongo wake wa zaka zisanu ndi ziŵiri amene akuopa kukalipidwa. Kuchotsa kwake sikufuna mpeni: mwana amagonetsedwa, dokotala amaloŵetsa kapaipi kachitsulo kokhala ndi nyali kudzera pakamwa, n'kuitola njereyo. Njira imeneyi anaiyamba ndi Gustav Killian ku Germany mu 1897, pamene anachotsa fupa m'njira ya mpweya ya mlimi wina. Kapaipi kameneka kamapezeka m'zipatala zikuluzikulu, choncho apanso pali ulendo. Mtedza wa mwana wamng'ono ukhale nsinjiro, zothira m'phala.

Kwa ana a msinkhu wa sukulu ndichenjeze za taifodi, nthenda ya madzi ndi chakudya chodetsedwa. Mwana amatentha thupi milungu iŵiri kapena itatu, akumwa mankhwala a malungo osathandiza, kenaka tsiku lina mimba imauma gwa ngati thabwa, osafuna kukhudzidwa. Thumbo labooka, ndipo liyenera kusokedwa tsiku lomwelo. Ku Blantyre ana otere anachuluka taifodi itabuka kumeneko kuyambira mu 2011, ndipo mu 2023 dziko lathu linayamba kupereka katemera wake. Ndiponso inu amayi, posambitsa mwana wosakwana zaka zisanu, dzanja likagunda chotupa cholimba mbali imodzi ya mimba, chosaŵaŵa, musangoti ndi kapamba wa malungo. Chingakhale khansa ya impso, imene imachizika: mwana amayamba walandira mankhwala kwa milungu ingapo kuti chotupa chiphwe, kenaka impsoyo imachotsedwa, ndipo munthu amakhala moyo wake wonse ndi impso imodzi. Kutema mphini pa chotupa chotere kumangodya miyezi imene ikanampulumutsa.

Ndikudziŵa funso limene lili m'mitima ya ambiri: kodi kamwana kotere kangapirire mpeni? Kodi kakagonetsedwa kadzadzuka? Mantha ameneŵa sindingawaseke, pakuti opareshoni iliyonse ili ndi ngozi zake, ndipo si ana onse amene amabwerera kwawo. Koma mbiri yoipa ya ku fiyeta inakula chifukwa choti ana ambiri amafikako mochedwa. Mwana akamwalira, mudzi umakumbukira mpeni, osakumbukira masiku asanu amene anakhala kunyumba, ndipo mwana wotsatira amachedwetsedwanso chifukwa cha mantha omwewo. Muli ndi ufulu wofunsa dokotala chimene wapeza, chimene akufuna kuchita ndi chimene chingachitike mukakana. Ngati Chicheŵa kapena Chingerezi chikukuvutani, pemphani womasulira. Musadinde chala pa pepala limene simunalimve. Chitipa ndi boma la zinenero zambiri, ndipo inu amene mwamva nkhaniyi kaifotokozeni m'Chilambya, m'Chinyika, m'Chitumbuka, m'Chisukwa ndi m'Chindali kwa agogo amene ndiwo amayamba kulandira mwana.

Nanga ogwira ntchitoyi ndani? M'zipatala za m'maboma maopareshoni ambiri amachitidwa ndi madokotala otchedwa clinical officer, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1976. Sukulu yathu ya madokotala inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Kwa zaka zambiri katswiri wa opareshoni ya ana m'dziko lonse anali mmodzi, a Pulofesa Eric Borgstein a pa Queen Elizabeth. Iwo anaphunzitsa ena, ndipo mmodzi mwa iwo ndi a Dr Tiyamike Kapalamula, mayi woyamba wa ku Malaŵi kukhala katswiri wa ntchitoyi. Mu Julaye 2017 pa Queen Elizabeth panatsegulidwa Mercy James Centre, chipatala cha opareshoni ya ana chomangidwa ndi thandizo la bungwe la Raising Malawi la woimba Madonna, chokhala ndi zipinda zitatu za opareshoni ndi chipinda choyamba m'dziko muno chosamalira ana odwala mwakayakaya. Ku Kamuzu Central nakonso kumachitika maopareshoni a ana. Uku ndi kupita patsogolo kwenikweni. Koma kunena mosabisa, zambiri mwa izi zili pakati ndi kummwera, ndipo mayi wa ku Chisenga ndiye amalipira mtundawo ndi masiku ake, munda wake ndi ana amene wasiya kunyumba. Chilichonse cholimbitsa chipatala cha Mzuzu pa ntchito ya ana chimadula ulendo wa mayiyu ndi makilomita mazanamazana.

Nditsirize ndi ana amene amabwerera kumudzi ntchito isanathe. Kwa mwana wobadwa wopanda njira ya chimbudzi, ndi kwa ena a nthenda ya Hirschsprung, opareshoni yoyamba kaŵirikaŵiri imakhala yotulutsa thumbo pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo. Kameneko ndi kanjira kongoyembekezera. Wopanda njira uja amatsala ndi opareshoni yachiŵiri yopanga njira yeniyeni, motsata luso limene Alberto Peña wa ku Mexico analifalitsa mu 1982, kenaka miyezi ya kukulitsa njirayo ndi tizitsulo timene makolo amaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito kunyumba, ndipo pomaliza opareshoni yotseka pamimba paja. Apa ndi pamene ana ena amasoŵera. Mwana akudya, akunenepa, ndalama ya ulendo palibe, dzinja lafika, mseu waterera, ndipo tsiku limene dokotala analemba m'kabuku limadutsa. Zaka zimapita. Mwana uja amafika msinkhu wa sukulu atamangidwa nsalu pamimba, anzake akumthaŵa chifukwa cha fungo, pamene chimene chinatsala chinali maulendo aŵiri kapena atatu.

Ngati m'mudzi mwanu muli mwana wotere, kaya wa zaka zitatu kaya khumi, nthaŵi sinathe. Mafumu, alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a mipingo, mufunefuneni. Pakali pano khungu lozungulira thumbolo lizitsukidwa ndi madzi oyera, kuumitsidwa ndi kupakidwa Vaseline kuti lisachite zilonda. Kabuku kakale kaja, ngakhale katang'ambika, katengeni, pakuti m'menemo ndi mmene munalembedwa chimene dokotala woyamba anachita. Yambirani pa chipatala cha m'dera lanu, pemphani kalata yopita nayo kumene opareshoni yoyamba inachitikira, ndipo tsiku la ulendo likonzedwe mvula isanagwe.